Sukulu ya amisiri ya ku Athens: zolemba za ulendo

Lolemba, Athens

Anzanga alawirira kukwera phiri la Acropolis, ine ndalowera kwina. Munthu wophunzitsa kujambula mapulani a nyumba ngati ine sangafike ku Athens n'kubwerera osaponda pa msewu wa Patission, pamene pali nyumba zakale za National Technical University of Athens. Iyi ndi sukulu yaukachenjede ya zaumisiri yakale kuposa zonse m'dziko la Greece. Eni dziko sadzivutitsa ndi dzina lalitalilo, amangoti Polytechneio, ndipo aliyense amene wamufunsa amakulozera njira.

Ndatsika sitima yapansi panthaka pa Omonia n'kuyenda wapansi chakumpoto. Sipatali. Sukuluyi yayandikana ndi nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya dzikoli, moti alendo ambiri amaidutsa osaicheukira n'komwe. Ukalowa m'bwalo, kutsogolo kwako kwaima nyumba ya Averof, ya nsanamira za mwala wa nsangalabwi, ndipo chakumsewu kuli nyumba ziwiri zocheperapo, ina kumanja ina kumanzere. Anajambula zonsezi ndi a Lysandros Kaftanzoglou. Ntchito yomanga inayamba mu 1862, ndipo sukulu inasamukiramo mu 1873, amisiri asanaimalize.

Masiku ano amene anatsala pano ndi ophunzira kujambula nyumba. Anzawo a maphunziro ena anasamukira ku Zografou, dera lina la mzinda womwewu. Ndawaona atakhala pamasitepe, ena atanyamula tinyumba ta makatoni, maso ali psuu ndi tulo. Zimenezo ndiye n'zofanana kulikonse. Makoma akunja alembedwalembedwa ndi penti, mawu a ndale okhaokha, ena pamwamba pa anzawo.

Misewu iwiri ya m'mbali mwa sukuluyi ndi Stournari ndi Tositsa. Mayinawa muwasunge, tikumana nawonso kumapiri.

Chandisowetsa mtendere ndi ichi: sukulu yophunzitsa omanga ndi okonza makina anaimangiranji ngati kachisi? Ndazungulira bwalo lonse kufunafuna mbali imene ikuoneka ngati malo osulira zitsulo, koma chimene diso likuyamba kuona ndi nsanamira basi.

Lachiwiri

Lero ndatsika ndi msewu wa Pireos, kumene sukuluyi inakhalako m'nyumba wamba isanapeze malo ake. Panopa ndi msewu wa magalimoto ndi phokoso, palibe chokoka maso. Koma poyendamo m'pamene nkhani ya chiyambi chake yandikhalira bwino m'mutu.

Nkhondo ya Agiriki yodzimasula ku ulamuliro wa Ottoman, wa ku Turkey, inayamba mu 1821. Itatha, mayiko akuluakulu a ku Ulaya anapatsa Agiriki mfumu yochokera ku Bavaria, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Otto, amene anafika mu 1833. Chaka chotsatira likulu linasamukira ku Athens. Tikamva Athens timaganiza za mzinda waukulu, koma nthawiyo kanali katauni ka anthu masauzande ochepa chabe, nyumba zambiri zili mabwinja chifukwa cha nkhondo. Panafunika nyumba yachifumu, maofesi a boma, zipatala, misewu. Mapulani analipo, ojambulidwa ndi anthu ophunzira ku Germany. Chimene chinkasowa ndi anthu oti atenge pepala lija, aliwerenge, n'kulisandutsa khoma lowongoka.

Ndiye pa 31 Disembala 1836, potengera kalendala yakale imene ankatsata, panatuluka lamulo lachifumu lokhazikitsa sukulu. Pa kalendala yathu ya lero limeneli ndi tsiku la 12 Januwale 1837, n'chifukwa chake sukuluyi imawerengera zaka zake kuyambira 1837. Koma musaganize za yunivesite. Inkatsegulidwa Lamulungu ndi masiku a tchuthi okha, chifukwa ophunzira ake anali amisiri amene mkati mwa sabata anali pantchito. Cholinga chinali chimodzi: omanga ndi akapitawo awo adziwe kujambula, kuyeza ndi masamu. Mkulu wake woyamba anali msilikali wa ku Bavaria wodziwa zauinjiniya, a Friedrich von Zentner. Chaka chomwecho cha 1837 kunatsegulidwanso University of Athens, ya maloya, madokotala, ansembe ndi aphunzitsi. Ana a anthu olemekezeka ankapita kumeneko, a manja okhakhala n'kumabwera kuno Lamulungu.

Anthu anachuluka, moti pofika 1840 panayamba makalasi a tsiku ndi tsiku. Mu 1843 Agiriki anaukira ulamuliro wa Otto kufuna malamulo oyendetsera dziko, ndipo alendo ambiri amene anali m'maudindo a boma anachotsedwa. A Zentner nawonso anapita. Kuyambira 1844 mpaka 1862 sukulu inali m'manja mwa a Kaftanzoglou, omwe aja anajambula nyumba za pa Patission. Iwowa mtima wawo unali pa luso lokongoletsa: kujambula zithunzi, kusema miyala, kumanga motsanzira makolo akale a dzikolo. Funso langa la dzulo layankhidwa pamenepa. Munthu amamanga chimene chili mumtima mwake. Ndipo sindinganene kuti anangotaya nthawi, chifukwa akatswiri ojambula zithunzi monga Nikiforos Lytras ndi Nikolaos Gyzis anadutsa m'sukulu yomweyi. Kungoti dziko linkafunanso njanji, madoko ndi milatho, ndipo zimenezo sizimangidwa ndi bulashi.

M'zaka za m'ma 1880, nduna yaikulu a Charilaos Trikoupis atafuna kuyala misewu ndi njanji, anachita kuitanitsa gulu la mainjiniya ku France. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, koma akamapita kalumoko amanyamula. Mu 1887, patatha zaka 50 chiyambire, m'pamene lamulo linakhazikitsa maphunziro a zaka zinayi a mainjiniya a zomangamanga ndi a makina. Mu 1914 sukulu inalandira dzina limene ili nalo mpaka pano m'Chigiriki, n'kuikidwa pansi pa unduna woona ntchito zomangamanga za boma, osati wa maphunziro. Apa boma linanena poyera chimene linkafuna. Mu 1917 inagawidwa m'masukulu asanu: zomangamanga, makina ndi magetsi, kujambula nyumba, zamakemikolo, ndi kuyeza malo. A zithunzi ndi zosema anali atapatuka kale kukhala paokha.

Zaka 80 kuchoka pa kalasi ya Lamulungu kufika pamenepo. Ndimamva anthu akulankhula ngati sukulu yotere imabadwa tsiku limene adula riboni.

Lachitatu

Ndabwereranso pa Patission, ulendo uno chifukwa cha geti. Lolemba ndinaliona koma sindinafune kulilemba mothamanga.

M'bwalomo mwagonekedwa zitsulo zopindikapindika za geti lakale, ndipo pafupi pake pali chosema cha mutu waukulu wa munthu wogonekedwa chammbali, ntchito ya a Memos Makris. Asilikali analanda boma pa 21 Epulo 1967. Pofika 1973 ophunzira anali atatopa nawo, makamaka chifukwa cha lamulo lolola boma kutenga wophunzira aliyense wovuta n'kumulowetsa usilikali mokakamiza. Mu Febuluwale chaka chimenecho a zamalamulo anadzitsekera m'sukulu yawo. Pa 14 Novembala a pano nawonso anatseka mageti n'kukhala m'kati, ndipo anthu ena ambirimbiri anadzaunjikana kunja. Mfuu yawo inali ya zinthu zitatu: buledi, maphunziro, ufulu.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti anagwiritsa ntchito zimene anaphunzira. Anatola zipangizo za m'malabu n'kulumikiza nyumba ya wailesi yawoyawo, ndipo mzinda wonse unkawamva, nthawi imene wailesi zonse zinali m'manja mwa boma. Mmodzi mwa amene ankalankhula pa wailesiyo anali Maria Damanaki, wophunzira zamakemikolo, amene patsogolo pake anadzakhala komishonala woona zausodzi ku European Union. Dziko likaphunzitsa ana ake kulumikiza mawaya kuti aliunikire, silingawasankhirenso uthenga woti udutse m'mawayamo.

Usiku wa pa 17 Novembala, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kasinja anagumula geti lija ophunzira ena ali pomwepo. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anapeza mayina a anthu 24 amene anaphedwa m'masiku amenewo m'misewu ya mzindawu. Patangotha sabata, mtsogoleri wa bomalo, a Georgios Papadopoulos, anagwetsedwa ndi msilikali mnzawo, a Dimitrios Ioannidis, wouma mtima kuposa iwo. Boma la asilikali linadzagwa mu Julaye 1974 chifukwa cha zimene linayambitsa ku Cyprus. Choncho amene amati ophunzira ndiwo anagwetsa bomalo amawonjezera pang'ono. Chimene anachita n'kulivula pamaso pa anthu. Chaka chilichonse pa 17 Novembala anthu amadzaika maluwa pano, kenako n'kuguba mpaka ku ofesi ya kazembe wa America, dziko limene ambiri amalinena kuti linkachirikiza asilikaliwo.

Amene anasaina lamulo la 1836 ankangofuna akapitawo odziwa kuwerenga pulani. Izi sankaziyembekezera.

Lachinayi, Zografou

Miyendo yauma. Ndatsikira pa siteshoni ya Katehaki n'kukwera chitunda, chifukwa malo atsopano a sukuluyi ali m'tsinde mwa phiri la Hymettus, ndipo nyumba zake zatalikirana pakati pa mitengo ya paini. Kuno kulibe nsanamira. Ndi konkire, mapaipi ndi zitseko zikuluzikulu zoti galimoto n'kulowa. Mtima wanga unakhala m'malo.

Masukulu alipo asanu ndi anayi tsopano. Pa asanu akale aja, la makina ndi la magetsi anapatukana, ndipo la magetsi linatenganso zamakompyuta. Anawonjezerapo la migodi ndi zitsulo, la zomanga zombo, ndi la masamu ndi fizikisi. Ukaliyang'ana bwino gululi, ukuona mavuto a dziko la Greece atandandalikidwa. Dziko la zilumba zambirimbiri, lomwe amalonda ake ali ndi zombo zochuluka kuposa a mayiko ambiri, lingalekerenji kukhala ndi sukulu ya zombo? Ali ndi thanki lalitali la madzi limene amakokeramo tizombo toyeserera, kuti aone mmene chombo chenicheni chidzalimbanire ndi mafunde. Dziko la zivomerezi nalonso: pali labu yokhala ndi thebulo lalikulu logwedezeka, pamene amaimikapo khoma kapena chigawo cha nyumba n'kuchigwedeza mpaka ching'aluke. Chivomerezi cha pa 7 Seputembala 1999 chinapha anthu 143 kuno ku Athens. Kwa anthu a kuno, funso lakuti zitsulo zingati zilowe m'nsanamira ya konkire si la pamayeso chabe.

Maphunziro ndi a zaka zisanu zosadukiza, ndipo chaka chomaliza wophunzira amalemba ntchito yake yaikulu ya kafukufuku. Kulowa kwake n'kudzera m'mayeso a dziko lonse, ndipo sukulu ya magetsi ndi makompyuta imafuna mapointi okwera kwambiri. Fizi kulibe: gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko a 1975 limati maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere. Gawo lomwelo linkatsekereza mayunivesite omwe si aboma, ndipo lamulo la 2024 lolola nthambi za mayunivesite akunja linabutsa zionetsero za ophunzira.

Chizindikiro cha sukuluyi ndi Prometheus, uja wa m'nthano zawo amene anaba moto kwa milungu n'kupatsa anthu. Chili paliponse.

Ndinacheza pang'ono ndi mnyamata wina wa chaka chachinayi amene anandilozera njira. Nditamufunsa kumene akufuna kukagwira ntchito akamaliza, anatchula mayiko awiri, ndipo Greece panalibe. Sindinadabwe. Chuma cha dzikoli chitagwa cha m'ma 2010, ntchito zomanga zinaima ndipo mainjiniya achinyamata ambiri anapita kunja. Ngakhale kale, ena mwa ana otchuka a sukuluyi anatchukira kwina: Constantinos Doxiadis anajambula mzinda wa Islamabad ku Pakistan, Iannis Xenakis anathawira ku Paris kumene anagwira ntchito ndi katswiri wojambula nyumba Le Corbusier asanatchuke ndi nyimbo, ndipo Joseph Sifakis analandira mphoto yaikulu ya zamakompyuta ya Turing mu 2007 akugwira ntchito ku France. Sukulu imanyadira mayinawa, ndipo iyenera kutero. Koma inakhazikitsidwa kuti dziko lileke kubwereka amisiri, lero ndiyo ikubwereketsa, ndalama zowaphunzitsira zitachoka m'misonkho ya anthu a kuno. Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Pulani sadya.

Lachisanu, Lavrio

Basi yatitenga kulowera kum'mwera chakum'mawa, kufupi ndi nsonga ya Attica, chigawo chimene muli Athens. Lavrio ndi tauni ya migodi. Siliva wa kuno, wokumbidwa ndi akapolo, ndi amene mtsogoleri wina wakale, Themistocles, anakakamiza anthu a ku Athens kuti amangire zombo zankhondo, zomwe zinagonjetsa Aperezi pa Salamis mu 480 BC. Kenako migodi inagona zaka mazanamazana.

Anadzaidzutsa ndi munthu wa ku Italy, a Giovanni Battista Serpieri, mu 1864. Iwo anaona kuti milu ya zinyalala za m'ng'anjo zimene akale anataya inali idakali ndi mtovu ndi siliva. Kampani yawo inali ya ndalama za ku France ndi Italy, ndipo posakhalitsa inakangana ndi boma pa funso lakuti miluyo mwini wake ndani, mkangano umene unakokeramo maboma a mayiko awiriwo. M'zaka za m'ma 1870 anakhazikitsa kampani ya Chifalansa imene inakumba kuno zaka zoposa 100. Tsono taonani: maphunziro a migodi ndi zitsulo pa Polytechneio anayamba mu 1946, patatha zaka zoposa 80 a Serpieri atafika. Nthawi yonseyo miyala inali ya Agiriki, mapapo opuma fumbi anali a anthu wamba, koma nzeru ndi phindu zinali za ena.

Fakitale itatsekedwa, malowo anaperekedwa m'manja mwa sukuluyi m'zaka za m'ma 1990, ndipo inawasandutsa paki ya zaumisiri ndi chikhalidwe. Nyumba zina zamiyala anazikonza, muli timakampani ndi malabu. Zina zikadali ndi makina adzimbiri m'kati. Ntchito yaikulu imene inawagwera ndi yoyeretsa dothi, chifukwa mtovu ndi aseniki zinalowerera pansi. Ophunzira a migodi a lero akuphunzirira pa zonyansa zimene anasiya anzawo akale. Pa malo onse amene ndaona sabata ino, ano ndi amene ndikanakonda kubweretsako ophunzira anga.

Loweruka, panjira

Tsiku lonse lathera m'basi yopita ku Ioannina. Ngalande ya Corinth taidutsa ngati kuphethira kwa diso: phompho lowongoka, madzi ali pansi patali. Ndi yotalika makilomita 6 ndi pang'ono. Anayamba kuikumba mu 1882, mapulani ali a anthu a ku Hungary, István Türr ndi Béla Gerster, ndalama zili za ku France. Kampaniyo itagwa, ina ya Agiriki ndiyo inamaliza mu 1893.

Chakutsogolo tawoloka mlatho wa Rio–Antirrio, wa makilomita pafupifupi atatu, umene unatsegulidwa mu 2004 ndipo unapatsidwa dzina la a Trikoupis aja. Waima pamalo a madzi akuya, pansi pofewa, pomwe zivomerezi sizisowa. Anatsogolera ntchitoyi ndi kampani ya ku France, mothandizana ndi makampani a Agiriki. Mlendo akadalipo, kungoti tsopano amapeza eni mudzi oti n'kukhala nawo pa thebulo limodzi, kumufunsa masamu ake n'kusamalira mlathowo iye atapita. Mwina n'zimene sukulu yotere ingakwanitse. Zoti dziko lidzachita zonse lokha ndi nkhani ya pamsonkhano wa ndale.

Lamulungu, Metsovo

Kuchokera ku Ioannina msewu wa Egnatia umangolowa m'mapiri n'kutuluka, kulowa n'kutuluka. Metsovo ndi katauni komata pa phiri la Pindus, pamtunda wa mamita oposa 1,100. Kukuzizira. Anthu ake ambiri ndi a mtundu wa Vlach, amene kale anali abusa a nkhosa ndi amalonda oyenda mitunda italiitali. Dzina la Chigiriki la sukulu ija lili ndi dzina la tauni ino m'kati mwake, chifukwa ndalama zomangira nyumba za pa Patission zinachokera kwa ana a kuno.

Anayamba ndi a Nikolaos Stournaris, amene anasiya chuma mu wilo yawo kuti chimangire sukuluyo. Malume awo, a Michail Tositsas, anawonjezera. Mayi Eleni Tositsa, mkazi wa a Michail, anapereka malo, ndipo ndi omwewonso anapereka malo a nyumba yosungiramo zakale yoyandikana nayo ija. Ndalama zitatha ntchito ili pakati, anamaliza ndi a Georgios Averoff, omwe aja anakonzetsa bwalo la masewero a Olimpiki a 1896. Ndalowa m'nyumba ya banja la Tositsa, imene pano ndi yosungiramo zakale: zipinda zamatabwa, makapeti ofiira, malo osonkhapo moto. Si nyumba yachifumu ayi.

Zinthu ziwiri zandidabwitsa. Choyamba, nthawi imene anthuwa ankapereka chuma chawo, Metsovo sinali mbali ya dziko la Greece. Inali pansi pa Ottoman mpaka nkhondo za ku Balkan za 1912 ndi 1913. Ankamangira sukulu dziko limene kwawo kunali kusanalowemo. Chachiwiri, chumacho sanachipezere kuno. Anachipeza ku Alexandria, ku Egypt. A Tositsas anali pa ubwenzi ndi wolamulira dzikolo, Muhammad Ali, ndipo anali ndi minda ndi malonda a thonje. A Averoff analemera ndi malonda a m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kubwereketsa ndalama ndi kugula malo. Ndiye kuti nsanamira zimene ndinaziona Lolemba zili ndi thukuta la alimi a thonje a ku Africa, amene mayina awo sali pa msewu uliwonse. Boma linasaina lamulo, koma thumba lake silikanatha kumanga.

Sukuluyi ili ndi malo ake a kafukufuku kuno ku Metsovo, amene eni ake amati ndi njira yobwezera ngongole kwa tauniyi. Kumachitikira maphunziro a digiri yachiwiri okhudza chilengedwe ndi chitukuko cha madera a m'mapiri, ndipo ophunzira amadzakhala konkuno m'malo mophunzirira za mapiri ali ku Athens. Nkhani zake ndi zimene ukuziona ukangotuluka panja: nyumba itenthedwe bwanji m'nyengo yozizira osamaliza nkhalango, msewu umangidwe bwanji pamalo otsetsereka pamene dothi limagumuka, achinyamata atsale bwanji m'midzi imene ikutha anthu. Lero n'kotseka, choncho ndangoona kunja kwake. Ndalembera kalata a ku ofesi kupempha ngati angandilole kulowa mawa m'mawa basi yobwerera ku Ioannina isananyamuke.